Mutu 7: Singano Yonama pa Kasupe wa Mayi Solberg

1. Kampasi m'manja mwa Orrin

Chisanu chinafulumira ku Wyoming chaka cha 1874. Mwezi wa Okutobala usanafike pakati, nsonga za mapiri zinali zitayera kale mbee, koma gulu loyeza malo la a Merritt Cole linali lisanamalize ntchito m'chigwa cha Tallow.

Boma linawatuma kudula mizere yowongoka kuchokera kummwera kulowera kumpoto. Wina ankaloza njira ndi kampasi, awiri ankakoka unyolo woyezera, ndipo mailosi ikakwana ankakwirira mwala wogobedwa zizindikiro. Miyala imeneyi ndiyo inkanena kuti malo a uje ayambira apa, a uje athera apo.

A Cole anali atatha sabata ali chigonere m'tenti. Hatchi inawamenya theche pabondo, mwendo n'kutupa. Motero kampasi ndi buku lolembamo miyezo anazipereka kwa Orrin Haskell, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Orrin anakulira m'nyumba mwa a Cole bambo ake atamwalira, ndipo zonse zimene ankadziwa za ntchitoyi anaphunzira kwa iwowo.

"Uzikhulupirira singano, mwananga," anamuuza Lolemba m'mawa akunyamuka. "Anthu a m'njira adzakuuza zambiri. Iwe uzingolemba zimene singano yanena."

Orrin anapita ndi anthu atatu. Unyolo ankakoka a Jubal Teague, mkulu wa ndevu zaimvi amene anayamba kuyenda m'mapiri amenewa akusaka nyama za zikopa, pamodzi ndi Dell Pickard, mnyamata wa nthabwala zosatha pakamwa. Wachitatu anali Eusebio Baca wa ku New Mexico, wosamalira nyulu ndi zipangizo zonse. Eusebio sankalankhulalankhula, ndipo ambiri ankamukayikira chifukwa cha zimenezo.

"Unaona dzulo, bwana wamng'ono?" anatero Dell akutambasula unyolo. "Mnzathu uja anacheza nthawi yaitali kumtsinje ndi m'busa wa ng'ombe wa a Lyle. M'chilankhulo chawo chija. Ife tikamufunsa kanthu amangoti ee kapena ayi, koma dzulo pakamwa panatseguka ngati chitseko cha tchalitchi."

A Burdett Lyle anali mwini ng'ombe zikwizikwi kumtunda kwa chigwacho. Chifikire gululi, iwo ankatumiza nyama kumsasa sabata iliyonse. Lamlungu limenelo Dell ndi amene anakatenga mwendo wa ng'ombe kwawoko.

"Munthu asamacheze ndi wakwawo?" anatero Orrin. "Koka unyolo, aise, dzuwa likupita."

Komabe anacheuka kamodzi kumuyang'ana Eusebio, amene ankabwera m'mbuyo ndi nyulu, maso ali pansi.

2. Mbendera pakhomo

Dzuwa lili paliwombo anali atayeza mamailosi awiri. Kutsogolo kwawo kunali kanyumba ka zidina, kakhola ka ng'ombe zitatu, ndi kamunda ka mbatatesi kokumbidwa kale. Chakummawa kwa nyumbayo kunali mitengo ya misondodzi, ndipo pansi pake pankatumphuka kasupe. Kumbali imeneyo ya chigwa, madzi osaphwa chilimwe anali okhawo.

Orrin anazika ndodo pansi, anaikapo kampasi, nadikira singano kuti ikhazikike. Atasuzumira m'timipata toyang'anira, anakweza dzanja kulozera Dell poimika mbendera. Mzere unadutsa pakati penipeni pa nyumba ndi kasupe.

M'nyumbamo munatuluka mayi wina atanyamula ndowa. Anali Mayi Ragna Solberg, amene amuna awo anamwalira ndi chibayo chaka chapitacho n'kuwasiyira ana awiri. Anaika ndowa pansi n'kuyang'ana mbenderayo.

"Achimwene, kansalu kanuka kakutanthauza chiyani pakhomo panga?"

"Ndi malire, mayi," anatero Orrin atavula chipewa. "Kuno ndi kwanu. Uko si kwanu."

"Uko kuli madzi anga."

"Pepani, mayi. Mzere wagwera pomwepa."

"Zaka zitatu zapitazo kunabwera oyeza oyamba kudzaika mwala waukulu kummwera uko. Malemu amuna anga anayenda nawo tsiku lonse. Anawauza kuti, 'Mangani apa, kasupe adzagwera mkati mwanu.' N'chifukwa chake tinamanga pano. Kodi munthu angamange nyumba n'kusiya madzi kunja?"

"Mwina iwo anangoyerekeza. Ife tikuyeza."

"Mwezi watha kunabwera a Lyle. Anaima ndi hatchi pomwe mwaimapo, n'chipewa chomwe osavula. Anati, 'Mayi, tungani mokwanira chaka chino, chifukwa oyeza akadutsa, kasupeyu ndikalembetsa ine.' Tandiuzeni, mwananga. Iwowo anadziwa bwanji inu musanayeze?"

Dell anaseka.

"Amayi, singano ya kampasi ilibe m'bale. Sidziwa Lyle, sidziwa Solberg. Imangodziwa kumpoto basi."

"Singanoyo kaya," anatero mayiwo akutola ndowa. "Koma oinyamula amadya nyama ya ng'ombe za a Lyle. Mukamawotcha, fungo limafika mpaka kuno."

3. Chenjezo la a Jubal

A Jubal anauza Dell ndi Eusebio kuti akamwetse nyulu ndi kuwiritsa khofi. Kenaka anagwira Orrin pamkono.

"Tenga kampasi yako. Tiye pakamtunda apo."

Atafika, Orrin anazikanso ndodo.

"Suzumira kumpoto," anatero mkuluyo. "Ukuona chiyani kuphiri lakutali lija?"

"Phewa la phiri. Lakumanzere."

"Loweruka unkaona chiyani?"

Orrin anakumbukira. Loweruka, ndiponso masiku onse a sabata yathayo, mzere unkaloza pampata wa pakati pa nsonga ziwiri za phirilo. Iye mwini anawauzapo a Cole zimenezo.

"Phiri silinasamuke Lamlungu," anatero a Jubal. "Khala apa, undimvere. Ine ndakoka unyolo zaka khumi ndi zinayi, kwa mabwana asanu ndi awiri. Ndinaona wina amene ankakhala m'tenti n'kumalemba m'buku miyala imene sanakwirire n'komwe. Ndinaona wina atasuntha mzere pang'ono chabe, ngati kuchoka pano kufika pa msondodzi uwo, kuti asangalatse munthu amene anamupatsa chishalo chatsopano. Iye anabwerera kwawo kummawa, lero akuwothera dzuwa pakhonde. Koma mabanja awiri amene anawasiyira mzere umenewo anawomberana mfuti patapita zaka zisanu. Ine ndinakumba nawo manda. Mmodzi mwa omwalirawo anali wamsinkhu wakowu.

"Mwala ukaukwirira, iwe umachoka, mwalawo umatsala. Woweruza sadzafunsa mayi uja zimene amuna ake anauzidwa. Adzatsegula buku lako, adzaona dzina lako, mlandu n'kuthera pomwepo. Ndipo usaganize kuti ntchito yathuyi ilibe banga. Pakasupe paja ine ndinamwapo madzi ndi anthu a mtundu wa Arapaho, eni nthaka ino, kulibe Solberg, kulibe Lyle. Palibe anawafunsa pamene boma linatituma ndi unyolo. Chimenecho ine ndi iwe sitingachikonze lero. Koma tisawonjezerepo kuba kwina ndi manja athu.

"Chida chilichonse uzichikayikira. Unyolo umatanuka. Singano imakokedwa ndi chitsulo. Wolemba amatopa. Ndipo ukaona chida chako chikunena ndendende zimene munthu wolemera wakhala akufuna, uyambe wachiyesa kawiri usanalembe dzina lako."

Orrin anavula mpeni ndi lamba n'kuwapatsa a Jubal, amene anapita nazo patali pamodzi ndi mfuti yawo. Singano sinasunthe.

Kenaka anachotsa kampasi pandodo n'kuiika pamwamba pa bokosi lake lamatabwa. A Jubal atachoka nayo ndodoyo, singano inanjenjemera, inayenda pang'ono, n'kukhazikika pena. Orrin anatembenuza kampasi kuti igwirizane ndi singano, anagona chafufumimba, nasuzumira. Mpata wa phiri unali pomwepo, pakati penipeni.

Anatenga ndodo ija n'kuiyang'anitsitsa. Chakumutu, m'munsi mwa pokhala kampasi, panali kadontho kakuda ngati mfundo ya mtengo. Anakanda ndi chikhadabo. Linali phula losakaniza ndi dothi. A Jubal anakolowola ndi nsonga ya mpeni, ndipo munatuluka msomali wa mtundu wokhomera zitsulo kumapazi a nyulu ndi mahatchi.

4. Msomali wa yani?

Orrin anatsika mofulumira atakwinya nkhope. Anapeza anzake awiri aja akumwa khofi, ndipo anaponya msomaliwo pakati pa makapu.

"Uwu ndaupeza m'ndodo ya kampasi. Waikamo ndani?"

Dell anadzuka msangamsanga.

"Sindinanene ine? Misomali amasunga ndani? Zipangizo zimagona m'ngolo ya yani? Dzulo amanong'onezana ndi ndani kumtsinje? Muthamangitse lero lomwe, Orrin, asanatigulitse tonse!"

"Ukuti bwanji, Eusebio?" anafunsa Orrin mwaukali.

Eusebio anangoyang'ana msomaliwo.

"Waona?" anatero Dell. "Mawu amuthera."

Orrin anatsegula pakamwa kuti amuuze atenge bulangeti lake azipita, koma a Jubal anamudula.

"Dikira kaye. Munthu ukamuchotsa ntchito kuno ndi mbiri yoti anawononga miyezo ya boma, palibe adzamulembenso kuyambira pano mpaka ku Santa Fe, kwawo ku New Mexico. Mwinanso sakafikako n'komwe, chifukwa m'chigwa muno muli anthu amene amayamba amupachika munthu pamtengo, kufunsa pambuyo. Ukumukayikira chifukwa chiyani? Chifukwa salankhula? Chifukwa amapemphera m'chilankhulo china? Waona chiyani iwe ndi maso ako? Zonse uli nazo m'mutumo wachita kuuzidwa. Chinthu chili apochi, chiyang'ane. Ndipo munthuyu umufunse bwinobwino, osati ngati wamugwira kale."

Orrin anapumira m'mwamba.

"Pepa, Eusebio. Tauona msomaliwu, undiuze zimene ukudziwa."

Eusebio anautola. Anapita pa chikwama chimene chinali pamsana pa nyulu n'kubwera ndi msomali wina. Anaiika iwiriyo pachikhatho. Wakewo unali waufupi ndiponso wowonda.

"Phazi la nyulu ndi laling'ono, bwana wamng'ono. Nditakhoma wanuwu, ndiilemaza. Uwu ndi wa hatchi yaikulu, ndipo ndi watsopano, ulibe dzimbiri. Mahatchi athu tinawakhomera m'tauni mwezi wa Ogasiti, misomali yake sitinatengeko. Malo okhomera mahatchi m'chigwa muno ndi amodzi okha."

"Kwa a Lyle," anatero Orrin.

"M'busa uja ndi wa m'mudzi mwathu. Amandiuza za maliro a azakhali anga. Ine kwa a Lyle sindinapondeko phazi."

Onse atatu anatembenukira kwa Dell. Iye anayesa kuseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Chabwino, mwandigwira. Ndinaboola ndine, Lamlungu masana inu muli kochapa. Koma musandiyang'ane ngati ndapha munthu. Iwe Orrin, ukuganiza kuti nzeru yoika chitsulo pansi pa singano ingachokere m'mutu mwangamu? Ine n'kuwerenga komwe ndimachita kuvutikira. Ukawafunse bambo ako aja m'tenti kuti anandionetsa poboola ndani."

"Ukunama!"

"Anati, 'Mwanayu asadziwe, mtima wake ndi wofewa. Azilemba zimene singano ikumuuza, dzanja lake likhale loyera.' Mawu awo enieni amenewo."

5. Kubwerera m'mbuyo

Kumapiri kunali kutayamba kusonkhana mitambo yakuda. Dell anailoza.

"Tatsala ndi mamailosi asanu ndi atatu. Chipale chofewa chikatipeza tisanamalize, ntchito yonse ya chilimwe boma sililandira, ndipo a Cole agwa nayo. Ukufuna kugwetsa munthu amene anakulera chifukwa cha kadziwe ka achule? Mayiyu akhoza kukumba chitsime."

Orrin anayang'ana a Jubal.

"Madala, ndichite chiyani?"

"Buku lili ndi iwe, osati ine. Koma ndisakunamize. Ukabwerera kukayezanso, usayembekeze kuti wina akuwombera m'manja. A Lyle ali ndi anthu makumi awiri okhala ndi mfuti. A Cole, ngati zimene wanena uyuzi ndi zoona, sadzakuonanso ngati mwana wawo. Mwina ntchito imeneyi ithera pomwepa kwa iwe. Ukangopitirira, palibe adzadziwe kupatula anthu anayi tili panofe, ndipo ine ndakalamba, sindikhalitsa. Koma iwe uli ndi zaka zambiri kutsogoloku zoti uzikumbukira kuti unadziwa n'kulembabe. Usankhe ukuona mbali zonse ziwiri."

Orrin anayang'ana kunyumba kuja. Kamtsikana ka Mayi Solberg kankachokera kukasupe kakukoka ndowa ndi manja awiri, madzi akutayikira m'miyendo.

Anatenga nkhwangwa, anapita pa misondodzi, anadula nthambi yowongoka n'kuisema kumutu kuti pakhale kampasi. Kenaka anatsegula buku. Masamba a m'mawawo sanawang'ambe. Anakhwatcha mzere umodzi pa tsamba lililonse, nalemba m'munsi kuti: *Miyezo iyi ndi yolakwika. M'ndodo ya kampasi munapezeka msomali.* Msomaliwo anaukulunga m'kansalu n'kuuika m'thumba.

"Tikubwerera pa mwala umene tinakwirira Loweruka. Eusebio, ugwira unyolo ndi a Jubal."

"Nanga ine?" anafunsa Dell.

"Iwe usakhudzenso chida chilichonse."

Dell analavula pansi, anakoloweka jekete paphewa, n'kuuyamba ulendo wa kumsasa.

Atatuwo anabwerera mamailosi awiri. M'njira anazula mwala umene anakwirira m'mawa. Atafika pa mwala wa Loweruka anayambiranso, mphepo yozizira ikuwalowa m'makhosi. Eusebio anali asanagwirepo unyolo, koma ankaukoka mpaka ulimbe ndipo ankawerenga mokweza kuti a Jubal amve. Pa mtunda uliwonse Orrin ankasuzumira kutsogolo, kenaka kumbuyo kumene achokera. Palibe amene ananena nthabwala.

Dzuwa litapendeka anafikanso pakhomo paja. Mzere unadutsa kummawa kwa misondodzi, maunyolo asanu kupitirira kasupe. A Jubal anagoba zizindikiro pamwala, Eusebio anakumba dzenje, ndipo Orrin anakwirira mwalawo n'kupondaponda dothi.

Mayi Solberg ankaonerera chapatali atapinda manja.

"Ndiye mawa mubweranso ndi singano ina?"

"Ayi, mayi. Uwu ndi womaliza. Koma muziuyang'anira. Mukaona wina akuukumba musalimbane naye, mungosunga nkhope yake."

Mayiwo sananene kuti zikomo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi buledi wathunthu wokulunga m'nsalu, anamuika m'manja mwa Orrin, n'kubwerera kukatseka chitseko.

6. Alendo kumsasa

Anafika kumsasa dzuwa likulowa. A Cole anali atakhala pabokosi pakhomo pa tenti, mwendo atautambasula. Pambali pawo panali a Lyle, munthu wamtali wa chipewa chotuwa, akumwa khofi m'kapu ya Orrin. Dell anali ataima kuseri kwa ngolo. Pafupi ndi moto panakhala amuna awiri achilendo, mfuti zili pamiyendo.

"Wachedwa, mwananga," anatero a Cole ndi mawu awo ofatsa a masiku onse. "Bwera nalo bukulo tilione."

Orrin anaima pomwepo.

"Bambo, Dell wanena zinthu. Ndiuzeni kuti akunama."

A Cole anayang'ana moto.

"Pali zambiri zimene sukuzidziwa. Bwera nalo, tikambirana ngati anthu a nyumba imodzi."

"Ndikalipereka ndekha ku ofesi ya malo, mmene lilirimu."

A Lyle anaseka chapansipansi n'kukhuthulira khofi wotsala pamoto.

"Ofesi ili pa ulendo wa masiku anayi pahatchi, mnyamata. Ndiye mahatchi anu ndaona kuti awonda. Anyamata anga awatengera kwathu kuti akadyeko msipu wabwino. Pachinansi pamafunika kuthandizana."

Orrin anacheuka. Chingwe chimene ankamangirirapo mahatchi asanu chinali chikungolendewera pakati pa mitengo iwiri, chopanda kanthu.

Eusebio anawerama ngati akumasula katundu pa nyulu, nalankhula motsitsa, milomo yake isakuoneka kuyenda.

"Musayankhe kanthu, bwana wamng'ono. Khalani pansi, mudye, mukhute. Nyulu sizithamanga. Koma pali njira ya m'phiri yotulukira ku ofesiko imene hatchi singakwere, ndipo ine ndikuidziwa."